Richard ndi Linda Thompson, banja lomwe linayamba kuyimba zachisoni ukwati usanavute

Anthu okonda nyimbo zakale za ku Britain ali ndi kankhani kamene amakonda kubwereza, koti chimbale cha Shoot Out the Lights cha mu 1982 ndi mamuna ndi mkazi akusiyana banja pa maikolofoni, aliyense akuneneza mnzake. Imakoma kumva nkhaniyi, ndipo ukamvera nyimbozo umagwedeza mutu kuti eya ndi zoona, poti muli nyimbo ya munthu amene watuluka pakhomo m'mamawa kusiya banja, muli ina ya mkazi amene akuti moyo wake uli ngati akuyenda pa waya m'mwamba, ndi ina yofunsa ngati mayi wina anadumpha yekha kapena anachita kukankhidwa. Koma madeti amakana. Nyimbo zambiri za m'chimbalemo zinali zitalembedwa kale pofika 1980, banja lidakalipo, mkazi wachiwiri asanaoneke nkomwe. Richard Thompson ankalemba zoterezi kuyambira ali mnyamata, ndipo Linda ankaziyimba kuyambira tsiku loyamba. Nde kuti timvetse kumene mdimawu unachokera tiyenera kubwerera mmbuyo ndithu.

Richard anabadwa mu 1949 ku London. Bambo ake anali a ku Scotland, wapolisi wofufuza milandu ku Scotland Yard, koma kunyumba ankagwirako gitala ndipo anali ndi mulu wa malekodi, jazi ya Django Reinhardt ndi Les Paul, kuphatikiza nyimbo zovina za kwawo za akodiyoni monga za Jimmy Shand. Mwana anakula akumva zonsezi pamodzi ndi rock and roll wa ku America amene anali atangofika kumene. Pofika 1967, ali ndi zaka 18, anali kale mu bandi ya Fairport Convention limodzi ndi Ashley Hutchings ndi Simon Nicol. Dzina la bandiyo linachokera ku nyumba ya akwawo kwa Nicol ku Muswell Hill imene inkatchedwa Fairport, kumene ankachitira mapulakatisi. Poyamba ankangoyimba zotengera ku America, za Bob Dylan ndi Joni Mitchell, mpaka anthu ena ankaganiza kuti ndi bandi ya ku California. Amene anawatola ndi pulodyusa wa ku America okhala ku London, Joe Boyd, dzina limeneli musaliyiwale chifukwa libweranso kumapeto.

Zinthu ziwiri zinasintha bandiyi. Choyamba ndi kubwera kwa Sandy Denny mu 1968, mtsikana amene anachokera m'makalabu a nyimbo zamakolo ndipo ankazidziwa nyimbo zakalekale za ku England ndi Scotland, zija zopanda mwini, za asilikali, amalinyero, zigololo ndi kuphana. Chachiwiri ndi ngozi. Mu May 1969 akuchokera koyimba ku Birmingham usiku, vani yawo inachita ngozi pa msewu wa M1, woyimba ng'oma Martin Lamble anafa ali ndi zaka 19 zokha, komanso chibwenzi cha Richard, Jeannie Franklyn, naye anafa pa ngoziyo. Richard anali ndi zaka 20. Otsalawo anaganiza zothetsa bandi, kenako anagwirizana kuti apitiriza koma nyimbo zimene ankayimba ndi Lamble sakuzifunanso. Anakabindikira m'nyumba ina kumudzi ku Hampshire, Hutchings nkumapita ku Cecil Sharp House ku London kumene kumasungidwa nyimbo zamakolo zolembedwa, kukafukula zakale, anaitana Dave Swarbrick wa vayolini ndi Dave Mattacks pa ng'oma, ndipo mu December chaka chomwecho kunatuluka Liege & Lief. Chimbale chimenechi ndi chimene anthu ambiri amati chinayambitsa folk rock ya ku Britain, kutanthauza nyimbo zamakolo za konko koma zoyimbidwa ndi magitala amagetsi, bezi ndi ng'oma zachizungu, mwaphokoso ngati rock.

Apa pali mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu pa Richard. Anyamata a gitala a ku England a nthawi imeneyo, a Eric Clapton ndi anzawo, onse ankathamangira blues ya anthu akuda a ku America. Richard anaikana njira imeneyo, osati kuti ankainyoza ayi, koma ankaona kuti mzungu wa ku London kuyimba ngati wa ku Mississippi ndi kubwereka malaya a eni. A Fairport anamva chimbale cha gulu lotchedwa The Band cha 1968 chija cha Music from Big Pink, chimene chinazama mu mizu ya nyimbo za ku America, iwo nkuona kuti pamenepo sangapikisane nawo, bola akumbe zakwawo. Nde mukamva gitala ya Richard mumamva china chake chachilendo. Amagwira kapulasitiki kokhwatchira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zinazo nkumakoka nsambo zina nthawi yomweyo, moti munthu mmodzi amamveka ngati awiri. Komanso amakonda kusiya nsambo imodzi ikungolira liwu limodzi pansi osasintha, nyimbo nkumazungulira pamwamba pake, zimene anatengera ku chida cha ku Scotland chija cha thumba la mpweya ndi zitoliro chotchedwa bagpipes. Liwu lapansilo limakhala ngati injini ya chigayo, siliima, enanu muzicheza pamwamba pake. Akamapinda nsambo samapinda mwa blues, amapinda ngati chitoliro kapena vayolini ya ku Scotland.

Anachoka mu Fairport kumayambiriro kwa 1971, ndipo mu 1972 anatulutsa chimbale chake choyamba payekha, Henry the Human Fly, chimene sichinagulidwe nkomwe. Atolankhani ena anadandaula za mawu ake, kuti nyimbo amalemba bwino gitala amatha koma kuyimba pakamwa mmm. Ndipo kunena zoona nthawi imeneyo mawu ake anali olemera, ongoti ndii, anadzakhwima pambuyo pake.

Apa ndi pamene Linda akulowa. Anabadwa Linda Pettifer mu 1947 ku London koma anakulira ku Glasgow, nde naye magazi ndi khutu ndi za ku Scotland. Anabwerera ku London m'zaka za m'ma 1960 nkumayimba m'makalabu a folk pa dzina loti Linda Peters, masana nkumapeza ndalama poyimba timanyimbo ta malonda ta pa wailesi ndi TV. Ntchito ya timanyimbo ta malondayi anthu amaipeputsa koma imaphunzitsa munthu kulowa mu situdiyo, kugwira kiyi kamodzi nkutuluka, popanda zokometsera zambiri. Anali mnzake wapamtima wa Sandy Denny, ndipo awiriwa anayimbira limodzi pa chimbale cha Rock On cha mu 1972, pamene anthu a ku Fairport ndi anzawo anasonkhana nkudzitcha The Bunch kuti angoseweretsa nyimbo zakale za rock and roll. Linda anathandiziranso mawu pa Henry the Human Fly. Chaka chomwecho cha 1972 anakwatirana ndi Richard, nkuyamba kuzungulira timakalabu ngati Richard and Linda Thompson.

Chimbale chawo choyamba, I Want to See the Bright Lights Tonight, anachijambula mu 1973 ku situdiyo ya Sound Techniques ku Chelsea ndi injiniya John Wood, mwachangu komanso ndi ndalama zochepa. Kampani yake inali Island Records ya Chris Blackwell, yomwe ija inkatulutsa Bob Marley nthawi yomweyo, nde mutha kuona kuti maso a mabwana anali kuti. Chimbalecho chinakhala pa shelefu pafupifupi chaka, chinatuluka mu 1974, sichinagulidwe kwenikweni, ku America sichinatuluke nkomwe mpaka patapita zaka. Lero ndi chimene ambiri amachiika pamwamba.

Tiyeni tichione pafupi chifukwa zonse za banjali zili mmenemu. Anthu a m'nyimbozi ndi zidakwa zogona m'misewu, kamtsikana kopemphetsa kamene kamanyoza olemera amene akukapatsa ndalama, mtsikana wosowa womufunsira, munthu woyenda pa chingwe m'mwamba anthu pansi akungoyang'ana kukhosi kuli gwa. Pali nyimbo ina, The End of the Rainbow, imene bambo akuyimbira khanda lili m'kabedi kake, kuliuza mosabisa kuti kunja kuno kulibe chabwino chimene likukulira. Nyimbo yogonetsa mwana yotere inu munaimvapo? Ndipo apa nkuti banja lili latsopano, chikondi chili pachimake. Zimenezi Richard anazitenga ku nyimbo zamakolo zija, zimene sizinyengerera, munthu amafa mu vesi yachitatu nyimbo nkumapitirira. Zida zakenso ndi za konko, akodiyoni ya John Kirkpatrick, zitoliro zakalekale, ndipo mu nyimbo imene inapatsa dzina chimbalecho, m'malo moika malipenga a soul ya ku America anaitana bandi ya malipenga ya ku Manchester, mtundu wa mabandi a anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi kumpoto kwa England. Nyimboyo ndi ya mkazi amene wagwira ntchito sabata yonse ndipo akufuna akaone magetsi a mtauni, amwe, avine, ndalama ithe.

Koma chimene chimapangitsa kuti zonsezi zilowe mu mtima ndi Linda, ndipo apa ndi pamene ndimakangana ndi anthu amene amamutenga ngati mkazi wa Richard basi amene anapatsidwa maikolofoni. Mverani Withered and Died kapena The Great Valerio. Sakuwa, salira, sanjenjemeretsa mawu mwadala kuti mumumvere chisoni, amangoyimba mowongoka, liwu lililonse lomveka bwinobwino, ngati akukuuzani zimene zachitika ndipo iye analira kale dzana. Nyimbo zomwezo atayimba munthu wokonda kukometsera zikanakhala zolemetsa zosamvereka kawiri. Richard akayimba yekha za mdimazi zimamveka ngati munthu wokwiya ndi dziko, Linda akaziyimba zimamveka ngati zinachitikira munthu weniweni amene mukumudziwa. Richard ankalemba pafupifupi nyimbo zonse, zoona, koma zambiri ankalemba akudziwa pakamwa pamene zikatulukire.

Chimbale chachiwiri, Hokey Pokey, cha mu 1975 chinali chopepukirapo, chanthabwala zamdima ndi kakomedwe ka zisudzo zakale za m'maholo a ku England. Ndidutsapo msanga chifukwa nkhani yaikulu ya nthawiyi inali kunja kwa situdiyo.

Cha mu 1974 awiriwa analowa Chisilamu, mbali ya Sufi, pansi pa shehe wina amene naye anali mzungu wa ku Scotland, Ian Dallas, amene atatembenuka anatchedwa Abdalqadir as-Sufi ndipo anaphunzira kwa mashehe a ku Morocco. Abale athu a ku Cape Town mwina dzinali analimvapo, chifukwa bamboyu anadzakhazikika kumeneko mpaka kumwalira mu 2021. Richard ndi Linda anakakhala ndi gulu la otsatira ake, poyamba ku Maida Vale mu London, kenako kumudzi kum'mawa kwa England. Chimbale chachitatu, Pour Down Like Silver, cha kumapeto kwa 1975, pachikuto pali Richard atavala nduwira kumutu, kuseri Linda atafunda mpango. Zida anazichepetsa kwambiri, gitala, bezi, ng'oma, akodiyoni, mipata yambiri yongoti zii. Ndipo nyimbo zake zili ndi nkhope ziwiri, zimene ndi mwambo wakale wa ndakatulo za ma Sufi, kuti wolemba amalankhula ndi Mulungu ngati akulankhula ndi wokondedwa wake, amakamba za kuledzera ndi vinyo pamene akunena za pemphero. Nde Dimming of the Day, imene anthu ambiri amaiyimba ngati nyimbo ya chikondi ndipo oyimba ngati Bonnie Raitt ndi Alison Krauss anaibwereza, ukaimvetsera bwino ukhoza kuitenga ngati pemphero la munthu wosweka amene akufuna Mulungu dzuwa likamalowa. Night Comes In ndi chimodzimodzi, ndipo pa siteji Richard ankaikoka mphindi zoposa khumi gitala ikungozungulira malo amodzi ngati anthu ali pa zikiri.

Chitatuluka chimbalechi anasowa. Shehe uja sankagwirizana ndi zoyimbazi, ndipo kwa zaka ziwiri kapena zitatu banjali linasiya pafupifupi zonse. Tangoganizani, nthawi imene dzina likuyamba kumveka, inu nkutseka chitseko. Linda wakhala akunena poyera m'ma intavyu kuti moyo wa kugulu kuja unali wowawa makamaka kwa azimayi, kuphika, kulera ana, kutumikira azibambo, ndipo iye sanakhalemo ndi mtima wonse ngati mamuna wake. Mwana wawo Teddy anabadwa mu 1976 ali komweko. Richard ndi Msilamu mpaka lero ngakhale gululo analisiya. Ngati mukufuna kupeza pamene banjali linayamba kung'aluka, ine ndingaloze zaka zimenezi, osati 1982.

Atabwerera anapeza dziko lasintha, rock yaphokoso ndi yaukali yotchedwa punk yalowa, achinyamata sakufunanso za akodiyoni. Anasaina ndi Chrysalis nkutulutsa First Light mu 1978, imene anajambula ndi oyimba zida a ku America kuti imveke yosalala, ndi Sunnyvista mu 1979. Zonse sizinayende pa msika, kampani inawataya. Pofika 1980 analibe kontilakiti.

Amene anawatola ndi Gerry Rafferty, woyimba uja wa nyimbo ya Baker Street, amene nthawiyo ndalama anali nazo. Anawatenga kuti azimutsegulira mashoo, kenako anaika ndalama zake kuti awajambulire chimbale ku Chipping Norton chakumapeto kwa 1980. Koma kajambulidwe ka Rafferty kanali kosanjikiza, chida pamwamba pa chida, kubwereza mpaka chilichonse chisalale, pamene Richard amafuna bandi ilowe iyimbe pamodzi zithe. Anakangana, Richard anafika posiya kupita ku situdiyo, ndipo palibe kampani imene inagula matepiwo, Rafferty ndalama zake zinalowa m'madzi. Mfundo ndi yoti nyimbo zambiri za Shoot Out the Lights zinali kale pa matepi amenewa.

Kenako Joe Boyd uja anabweranso, tsopano ali ndi kakampani kake kakang'ono ka Hannibal. Pulani yake inali yoti ajambule mwachangu masiku ochepa, ndalama zotsala zipite ku ulendo wa ku America kumene awiriwa anali asanazungulireko. Anajambula chakumapeto kwa 1981 Linda ali ndi pakati pa mwana wachitatu, kupuma kukumuvuta, nde nyimbo zina zimene akanayimba iye anayimba Richard. Chifukwa cha pakatipo ulendo unayenera kudikira, Richard anatsogola yekha ku America kukayimba timashoo ta gitala imodzi, ndipo kumeneko anagwa m'chikondi ndi Nancy Covey, amene ankakonza mashoo ku McCabe's Guitar Shop ku Santa Monica. Linda atangobereka Kami, anauzidwa kuti banja latha. Chimbale chinatuluka mu March 1982, atolankhani a ku America nkuchikweza kumwamba, koyamba m'moyo wawo zinthu zikuyenda, koma eni ake sakuyankhulana.

Ulendowo anapitabe, Linda anakana kutsala ngakhale ena ankamuuza kuti asapite. Ma fans anautcha ulendo wa ku gehena. Linda mwini amafotokoza yekha, nthawi zina akuseka, kuti ankamwa kwambiri, ankamutchera mwendo Richard pa siteji, kumumenya mateche ali pakati pa solo, ndipo anaphwanyapo chipinda chovalira. Koma amene anaonera amati sanayimbepo bwino ngati nthawi imeneyo. Apa ndi pamene nthano ija inabadwira, chifukwa anthu ankaona mkazi wosiyidwa ndi khanda akuyimba Walking on a Wire mamuna amene wamusiya ali pambali pake ndi gitala, ndani akanakhulupirira kuti nyimboyo inalembedwa zisanachitike? Mwina Richard ankaona kumene zinthu zikulowera osadziwa kuti akuona, izo sitingamulowe m'mutu. Ku Los Angeles, Linda Ronstadt ndi amene anamutenga Linda kupita naye kunyumba kwake kuti akapume. Magazini ya Rolling Stone inadzaika chimbalechi pa nambala 9 pa zimbale zabwino za m'ma 1980.

Richard anapitiriza yekha ndipo wakhala akutulutsa zimbale mpaka pano, Hand of Kindness mu 1983, Rumor and Sigh mu 1991 mmene muli nyimbo yake yotchuka ya njinga yamoto ija 1952 Vincent Black Lightning, imene ndi nyimbo yamakolo yeniyeni kungoti m'malo mwa hatchi muli mota. Anapatsidwa ulemu wa boma la Britain wa OBE mu 2011, ndipo mu 2021 anatulutsa buku la moyo wake la Beeswing limene limathera cha mu 1975, za kutha kwa banja mulibemo kwenikweni.

Za Linda ndi zowawa kwambiri. Anatulutsa One Clear Moment mu 1985 kenako mawu anamuthawa. Ali ndi matenda otchedwa spasmodic dysphonia, pamene minofu ya pakholingo imangokungika yokha munthu akafuna kutulutsa mawu, amatsegula pakamwa koma osatuluka kanthu kapena kutuluka modukaduka. Vutoli linayamba kale ali ndi Richard, ndipo kwa nthawi yaitali madokotala ankati ndi za m'maganizo chabe. Anakhala zaka 17 osatulutsa chimbale chatsopano. Koma kulemba sanasiye, ndipo apa pali kanthu kamene ambiri kwathu kuno angakadziwe osadziwa mwini wake, poti Dolly Parton timamumvera kuyambira kale. Nyimbo ya Telling Me Lies imene Dolly, Linda Ronstadt ndi Emmylou Harris anayimba pa chimbale chawo cha Trio mu 1987 analemba ndi Linda Thompson pamodzi ndi Betsy Cook, ndipo inafika popikisana nawo pa Grammy. Munthu uja anthu ankangoti ndi woyimba nyimbo za mamuna wake.

Anabwerera mu 2002 ndi Fashionably Late, mothandizidwa ndi Teddy amene naye ndi woyimba, ndipo Richard anayimbamo gitala mu nyimbo imodzi. Majakisoni a botox a pakhosi anamuthandiza kwa kanthawi, kunabwera zimbale zina mu 2007 ndi 2013. Mu 2014 Teddy anasonkhanitsa onse, bambo, mayi, ana ndi mdzukulu, nkupanga chimbale chotchedwa Family, aliyense kubweretsa nyimbo zake. Kami naye anakwatiwa ndi woyimba gitala James Walbourne ndipo awiriwo anapanga gulu lawo la The Rails, mamuna ndi mkazi kuyimba folk rock, chimbale chawo choyamba chinatuluka pa Island yomwe ija. Mwana ameneyu mantha alibe eti.

Pano mawu a Linda anatheratu moti sangayimbenso. Nde mu 2024 anatulutsa Proxy Music, nyimbo zolemba iye koma oyimba ndi ena, Teddy, Kami, Rufus ndi Martha Wainwright, The Proclaimers, Eliza Carthy ndi ena, Richard nayenso alimo ndi gitala yake. Pachikuto anajambulitsa atagona chagada atavala ngati mtsikana wa pa chimbale choyamba cha bandi ya Roxy Music cha 1972, apa nkuti gogoyu ali ndi zaka 76.